Kuyenda mumzinda wakale wa Tallinn: yambirani paphiri, mutsike pang'onopang'ono

Tallinn ndi likulu la dziko la Estonia, m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, moyang'anizana ndi Helsinki. Pakatikati pa mzindawu pali kachigawo kozunguliridwa ndi linga lamiyala, komwe eni ake amakatcha Vanalinn. N'kakang'ono ndithu, moti munthu wamphamvu zake angalowere chipata china n'kukatulukira china m'mphindi 20 zokha. Ambiri amaterodi. Amatsika sitima yapamadzi m'mawa, n'kujambulitsa pabwalo lalikulu, n'kugula kachikumbutso, madzulo ali m'sitima kubwerera ku Finland. Akafika kwawo amati Tallinn ndi wokongola. Sakunama, koma aona madenga ofiira okha.

Ine ndikuti muupatse masiku awiri, ndipo muuyende mwadongosolo, chifukwa pamalo ochepawa panali mizinda iwiri yosagwirizana. Paphiri, pa Toompea, pankakhala olamulira, abishopu ndi eni minda ikuluikulu. M'munsi munkakhala amalonda ndi amisiri, amene anali ndi khonsolo yawo ndi malamulo awo otengera mzinda wa Lübeck kuyambira mu 1248. Zipata zapakati pawo zinkatsekedwa usiku, ndipo mizinda iwiriyi inadzakhala umodzi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Pansi pa magulu onse awiriwo panali eni nthaka. Kwa zaka pafupifupi 700 dziko lawo linkangosinthana manja: mfumu Valdemar II ya ku Denmark inalanda malowa mu 1219, a ku Denmark anawagulitsa kwa gulu la asilikali achijeremani la Teutonic Order mu 1346, Sweden inalowa mu 1561, Russia mu 1710. Nthawi yonseyi chuma ndi minda zinali m'manja mwa olankhula Chijeremani, ndipo mzindawu unkadziwika ndi dzina lakuti Reval. Alimi achiestonia anali omangika pa minda ya mabwanawo, kuwagwirira ntchito mokakamizidwa mpaka lamulo linawamasula mu 1816. Ife amene makolo athu anadziwa thangata sitichita kufuna kufotokozeredwa kwambiri. Sungani zimenezi m'mutu, chifukwa n'zimene zikuthandizeni kumva zomwe nyumba iliyonse ikunena.

Choyamba, mapepala

Estonia ili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya amene mumayendamo ndi viza imodzi. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa mufunika viza musanakwere ndege. Okhala ku Britain musanyengeke ndi chilolezo chanu chokhalira kumeneko. Sichitsegula chipata cha Schengen, pokhapokha pasipoti yanu ikhale ya Britain yeniyeniyo. Ku Malawi kulibe ofesi ya kazembe wa Estonia, ndiye onani pa tsamba la unduna wawo wa zakunja kuti ndi kazembe wa dziko liti amene amawalandirira mapepala kudera lanu.

Lamulo limene limapunthwitsa ambiri ndi ili: viza imapemphedwa kudziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Ngati mukachezera m'bale ku Helsinki sabata yathunthu, ku Tallinn n'kungowolokerako masiku awiri, pemphani ku Finland. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90. Pamafunikanso inshuwalansi ya zachipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa malo ogona ndi tikiti yobwerera, komanso pasipoti yomwe ikhale isanathe kwa miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke. Mutha kupereka mapepalawa kutatsala miyezi 6. Musadikire mwezi womaliza.

Chachiwiri, sankhani mwezi mukudziwa chomwe mukusankha

Tallinn ali kumpoto kwambiri moti kutalika kwa usana kumasintha modabwitsa. Mu Juni dzuwa limakhala kunja maola oposa 18, ndipo pakati pa usiku kumangochita kachisisira osada bii. Mu Disembala usana ndi maola 6 okha, pofika 4 koloko masana kwada kale, ndipo kuzizira kumatsika pansi pa 0.

Kwa munthu wopita koyamba, ndingasankhe kumapeto kwa Meyi, Juni kapena Seputembala. Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi yofunda bwino, koma sitima zikuluzikulu za alendo zimakocheza padoko m'mawa n'kukhuthulira anthu masauzande m'tinjira topanikiza, ndipo kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka masana simuyenda mwaufulu. Pa 23 ndi 24 Juni ndi tchuthi chachikulu, eni mzinda amapita kumidzi kukasonkha moto wa Jaanipäev, chikondwerero cha tsiku la Yohane Woyera, ndipo malo ambiri amatseka. Disembala ali ndi kukoma kwake, msika wa Khirisimasi pabwalo lalikulu ndi chipale chofewa pamadenga, koma nsanja zina zimakhala zotseka ndipo mufunika jekete lochindikala, chipewa, magolovesi ndi nsapato zosaterereka. Nyengo yozizirayi nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale sizitsegula Lolemba.

Chosangalatsa n'chakuti wotchi yanu siivutika. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi nthawi ya ku Tallinn ndi yofanana ndi ya ku Lilongwe. Miyezi inayo iwo amatsogola ndi ola limodzi.

M'chikwama musaiwale adaputa, chifukwa masoketi awo ndi a timiyendo tiwiri tobulungira, osati atatu ngati akwathu. Nsapato zikhale zafulati ndi zolimba pansi. Misewu ya Vanalinn ndi yoyalidwa miyala yosalingana, ndipo nsapato zazitali kapena zopyapyala zikuvulazani tsiku loyamba lomwelo.

Chachitatu, kufika ndi pogona

Kuchokera kwathu kuno palibe ndege yolunjika. Mudzasintha kawiri kapena kuposerapo, nthawi zambiri kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kenako Istanbul, Frankfurt kapena Helsinki. Kuchokera ku London ndi ulendo wa maola pafupifupi atatu. Bwalo la ndege la Lennart Meri lili pamtunda wa makilomita 4 okha kuchokera pakati pa mzinda. Basi nambala 2 imakufikitsani pafupi, kapena itanani galimoto pa Bolt, pulogalamu ya pafoni yoitanira takisi, yomwe a ku Johannesburg mumaidziwa kale. Kampaniyi inabadwira ku Tallinn komweko. Mukamva kuti mabasi ku Tallinn ndi aulere, dziwani kuti zimenezo ndi za nzika zolembetsedwa mumzindawo basi. Mlendo amalipira, ndipo chapafupi n'kugunditsa khadi la kubanki pa kamakina ka pakhomo lakutsogolo.

Ochokera ku Helsinki amawoloka nyanja mtunda wa makilomita pafupifupi 80, maola awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo kuchokera padoko kukafika pa linga ndi ulendo wapansi wa mphindi 15 mpaka 20.

Kugona mkati mwa linga n'kosangalatsa chifukwa mumadzuka mzinda uli wanu, koma funsani zinthu ziwiri musanalipire: ngati nyumbayo ili ndi chikepe, poti zambiri ndi zakale za masitepe otsetsereka, komanso ngati ili pafupi ndi malo omwera mowa. Misewu ya Suur-Karja ndi Sauna imasokosa mpaka mbandakucha Lachisanu ndi Loweruka. Ngati ndalama ndi zochepa, yang'anani ku Kalamaja kapena pafupi ndi siteshoni ya Balti jaam, kunja kwa linga pang'ono.

Tsiku loyamba: paphiri

Nyamukani 8 koloko isanakwane. Yambirani pa bwalo la ufulu, Vabaduse väljak, pomwe pali chipilala chagalasi chokumbukira nkhondo yomenyera ufulu ya 1918 mpaka 1920. Kwerani masitepe a pambali pake mukafike pa nsanja yonenepa ya Kiek in de Kök, yomangidwa m'zaka za m'ma 1470. Izungulireni mukuyang'ana khoma lake: muona zipolopolo za mizinga zitakanirira mmenemo, chikumbutso cha mu 1577 pomwe asilikali a Ivan IV wa ku Russia anazinga mzindawu koma osaulanda. Pansi pake pali njira zapansi pa nthaka zomwe zinakumbidwa nthawi ya ulamuliro wa Sweden, ndipo anthu ankabisalamo mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mukhoza kudzalowamo masana ikatsegulidwa. Pakali pano pitirirani kukwera.

Mukatulukira pa Lossi plats, imani pakati penipeni, chifukwa apa ndi pomwe mbiri ya dzikoli yayang'anizana maso ndi maso. Mbali ina kuli nyumba yapinki yomwe ndi nyumba ya malamulo, Riigikogu, ya aphungu 101, yomangidwa pa mabwinja a linga la olamulira akale. Kumbuyo kwake kuli nsanja ya Pikk Hermann, yotalika mamita oposa 45, pomwe mbendera ya aliyense wolamulira dzikoli yakhala ikukwezedwa. Mbendera ya buluu, yakuda ndi yoyera yomwe mukuionayo inali yoletsedwa nthawi yomwe dzikoli linali pansi pa ulamuliro wa Soviet Union, ndipo inabwerera pansanjapo pa 24 Febuluwale 1989. Pa 23 Ogasiti chaka chomwecho anthu pafupifupi 2 miliyoni anagwirana manja kuchokera patsinde pa nsanjayi, kudutsa Riga, likulu la Latvia, mpaka Vilnius, likulu la Lithuania, mtunda woposa makilomita 600, kuuza dziko lonse kuti akufuna kudzilamulira. Ufuluwo unabwerera pa 20 Ogasiti 1991.

Mbali inayo kuli tchalitchi chachikulu cha Orthodox cha Alexander Nevsky, chomwe chinatha kumangidwa mu 1900. Alendo ambiri amachijambula ngati chizindikiro cha Tallinn, koma boma la mfumu ya ku Russia linachiika dala pamenepo, patsogolo pa nyumba ya ulamuliro, panthawi yomwe linkakakamiza Chirasha m'masukulu ndi m'maofesi. Estonia itapata ufulu koyamba, itatha nkhondo ya 1918 mpaka 1920 ija, panali maganizo ochigwetsa, koma sizinachitike. Lowani ndithu, n'chokongola ndipo anthu amapembedzamo tsiku lililonse. Abambo vulani chipewa, amayi ndi bwino kufunda kumutu, ndipo mkati sajambula.

Tsatirani msewu wa Toom-Kooli mukafike pa Toomkirik, tchalitchi choyera cha Lutheran chomwe chinayamba m'zaka za m'ma 1200. Kunja n'chosadzionetsera, moti ambiri amangodutsa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mkati makoma adzaza zishango zamatabwa zosemedwa, zoposa 100, chilichonse cha banja la mabwana achijeremani aja amene anali ndi minda. Pansi pomwe mukupondapo ndi manda awo. Werengani maina, simupezapo a alimi amene ankalima minda imeneyo. Muli manda a Adam Johann von Krusenstern, wobadwira ku Estonia, amene anatsogolera ulendo woyamba wa sitima za Russia wozungulira dziko lonse kuyambira 1803 mpaka 1806.

Kenako malo awiri oonera mzinda. Wa Kohtuotsa, kumapeto kwa msewu wa Kohtu, umakuonetsani madenga a m'munsi, nsonga za matchalitchi, ndi nyumba zagalasi za mzinda watsopano kumbuyo kwake. Wa Patkuli ndiye ndimaukonda kuposa, chifukwa ndi pomwe linga limaoneka bwino ndi nsanja zake za zisoti zofiira zitandandalika mpaka kulowera kudoko. Mwa linga lonse, lomwe latsala ndi la makilomita pafupifupi awiri ndi nsanja zosachepera 20, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zomwe UNESCO inaikira mzindawu m'kaundula wake mu 1997. Apa ndiye phindu la kulawirira: ikamakwana 10 koloko, malo onse awiriwa amadzaza moti mumachita kudikira mpata wofika pa kampanda.

Potsika pali njira ziwiri. Pikk jalg ndi yaitali ndi yotsetsereka pang'onopang'ono, yomwe ankadutsamo akavalo ndi ngolo. Lühike jalg ndi yaifupi, ya masitepe, ya oyenda pansi. Tsikirani yaifupiyi, ndipo pa chipata chake muime muone chitseko chochindikala chathabwa chokhomedwa misomali ikuluikulu. Amene ankachitseka ndi a m'munsi, kudziteteza kwa anansi awo a paphiri. Pambali pake pali munda wa Taani kuninga aed, pomwe nthano imati mbendera ya Denmark inagwa kuchokera kumwamba pa nkhondo ya mu 1219.

Masana a tsiku loyamba: Niguliste ndi bwalo lalikulu

Mukangotsika mufika pa tchalitchi cha Niguliste, chomwe tsopano ndi malo osungiramo zojambula zakale. Ngati ndalama zanu zikulola tikiti imodzi yokha mumzinda wonsewu, ikhale imeneyi. Muli chojambula chachitali cha Bernt Notke cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, choonetsa gule wa imfa: mafupa a anthu akufa akukoka papa, mfumu yaikulu, mkazi wake, kadinala ndi mfumu ina, onse atavala zaulemerero wawo, kuwalowetsa m'bwalo limodzi. Chatsala ndi chidutswa cha mamita 7 ndi theka. Khalani pabenchi muyang'ane nkhope zawo mmodzimmodzi, makamaka ya mayiyo. Anthu amene ankapemphera patsogolo pa chithunzichi ankadziwa miliri yomwe inkasesa mzinda wonse m'miyezi yochepa.

Potuluka, onani malo opanda nyumba m'mbali mwa msewu wa Harju. Si paki wamba. Usiku wa pa 9 Malichi 1944 ndege za Soviet Union zinaponya mabomba mumzindawu, anthu mazanamazana anafa, ndipo oposa 20,000 anasowa pokhala. Niguliste inapsa, koma zojambula zake zinali zitasamutsidwa kale. Nyumba zomwe zinali pamalo apululuwo sizinamangidwenso.

Kuchoka apo ndi mphindi zitatu kukafika pa Raekoja plats. Nyumba ya khonsolo, Raekoda, inatha kumangidwa mu 1404, ndipo pansonga ya nsanja yake pali kachifanizo ka mlonda, Vana Toomas, komwe kanaikidwa koyamba mu 1530. Komwe kali pamwambapo lero n'kolowa m'malo. Pabwaloli ndi pomwe pankachitikira msika, zikondwerero ndi zilango. A ku Tallinn amati mtengo wa Khirisimasi woimikidwa pabwalo unayambira pano mu 1441, ngakhale a ku Riga amatsutsa n'kumati unayambira kwawo.

Pakona pa bwaloli pali Raeapteek, sitolo ya mankhwala yomwe yakhala ikugwira ntchito pamalo omwewo kuyambira 1422 kapena kale kuposa apo. Mpaka lero mungagulemo mankhwala a mutu. M'chipinda cha pambali aikamo zomwe ankagulitsa kalelo: zitsamba zouma, tizilombo toumika ndi ziwalo za nyama zosiyanasiyana. Aliyense amene amaganiza kuti mankhwala azitsamba ndi a ku Africa kokha akaone m'mabotolo amenewo.

Pabwaloli musadyepo chakudya chachikulu, mitengo yake ndi ya alendo. Lowani m'tinjira tapambali muyang'ane chikwangwani cholembedwa päevapraad, chakudya cha tsikulo, chomwe chimagulitsidwa motsika mtengo masana a masiku antchito. Lawani buledi wakuda wa rye, amene amadyedwa ndi chilichonse, ndi kiluvõileib, buledi yemweyo woikapo kansomba kamchere ndi dzira. Kama ndi ufa wa mbewu zokazinga zosakaniza, womwe amauvundulira mumkaka wosasa. Madzi apampopi ndi abwino kumwa, musawononge ndalama pa a m'botolo.

Tsiku lachiwiri: msewu wa Pikk, msewu wa ndalama

Tallinn analemera chifukwa cha doko. Cha m'ma 1285 analowa m'gwirizano wa mizinda yamalonda wa Hansa, ndipo anakhala mkhalapakati: mchere, nsalu ndi vinyo zochokera kumadzulo zinkapita ku Novgorod, mzinda wa ku Russia, zikopa za nyama ndi phula zinkabwera kuchokera kumeneko. Katundu yense ankadutsa mumsewu wa Pikk, kuchokera kudoko kukafika pabwalo. Poyenda muziyang'ana m'mwamba. Nyumba zambiri zili ndi mtanda wotulukira kunja pansi pa denga ndi zitseko m'zipinda zapamwamba. Pamenepo ankakolekapo chingwe n'kukwezera matumba, chifukwa wamalonda ankagona pansi, katundu wake pamwamba.

Kuchokera pabwalo dutsani kanjira ka Saiakang mutulukire pa Pühavaimu kirik, tchalitchi chaching'ono choyera chokhala ndi wotchi yamatabwa yopakidwa utoto pakhoma lakunja, ya m'zaka za m'ma 1600. Mwa matchalitchi onse a mumzindawu, ichi ndicho chinali cha anthu wamba, ndipo ndi muno momwe ulaliki wa m'Chiestonia unakhazikika m'zaka za m'ma 1500. Mabenchi ndi akuda ndi ukalamba, denga ndi lotsika, ndipo m'mbali mwa makonde ajambulamo nkhani za m'Baibulo za anthu osadziwa kuwerenga. Mukachiyerekeza ndi Toomkirik ya dzulo ija, mumva kusiyana kwa anthu awiriwa popanda wokuuzani.

Moyang'anizana nacho pali nyumba ya bungwe la amalonda akuluakulu, ya mu 1410, yomwe lero ndi yosungiramo mbiri ya Estonia, ndipo pambali pali Maiasmokk, malo omwera khofi omwe anatsegulidwa mu 1864. Khalani pansi mumwe kenakake, muone m'chipinda china momwe amapakira utoto tizidole totsekemera ta marzipan.

Pa nambala 26 imani pa chitseko chobiriwira chokongoletsedwa ndi zofiira ndi zagolide. Pamwamba pake pali mutu wa munthu wakuda. Iyi ndi Mustpeade maja, nyumba ya bungwe la amalonda osakwatira lomwe linayamba cha m'ma 1400, ndipo mutuwo ndi wa Maurice Woyera, nkhoswe yawo. Mbiri ya mpingo imati anali mkulu wa asilikali a Aroma wochokera ku Egypt, amene anaphedwa m'zaka za m'ma 200 chifukwa chokana lamulo lotsutsana ndi chikhristu chake. Anyamata olemera achijeremani, kumpoto kwenikweni kwa Ulaya, anasankha munthu wa ku Africa kukhala chizindikiro cha ulemu wawo, zaka zambiri malonda a akapolo a pa Atlantic asanayambe. Anyamatawa ankathandizanso kuteteza mzinda pa nkhondo ndi kuzimitsa moto. Bungweli linathetsedwa ku Tallinn mu 1940.

Mukapitirira pang'ono, pakona ya msewu wa Pagari, pali nyumba yooneka bwino koma mawindo ake apansi ndi otsekedwa ndi njerwa. Linali likulu la KGB, apolisi achinsinsi a Soviet Union, ndipo m'zipinda zapansizo ankatsekeramo ndi kuzunza anthu asanawatumize ku Siberia kapena kuwapha. Mu Juni 1941 anthu pafupifupi 10,000 anatengedwa m'dziko lonselo, ndipo mu Malichi 1949 oposa 20,000, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi okalamba. Zipindazi n'zotsegulidwa kwa alendo. N'zochepa, theka la ola likukwanirani, koma musazidumphe. Mukatuluka mumvetsa chifukwa chake munthu wa ku Estonia sakondwa mukamutcha Mrasha kapena mukanena kuti dziko lake linali mbali ya Russia ngati kuti linalowamo mwakufuna kwake. Mumzindawu mulidi anthu ambiri olankhula Chirasha, koma mlendo ayambe ndi Chingerezi, chomwe achinyamata ambiri amachilankhula bwino.

Chapafupi pomwepo pali Oleviste kirik, tchalitchi cha nsanja ya mamita 124 yomwe amalinyero ankaiona ali kutali panyanja. Mphezi yaiomba kangapo n'kuitentha, ndipo KGB inkaigwiritsa ntchito pa mawailesi ake. Lero mumapemphera a Baptist. Kuyambira Epulo mpaka Okutobala mutha kukwera masitepe oposa 200, opanikiza ndi ozungulira, okwera ndi otsika akupatsana mpata pakhoma. Amene muli ndi vuto la mawondo, mtima kapena chizungulire, isiyeni. Ku Niguliste kuja kuli chikepe chofika pamwamba pa nsanja.

Msewu wa Pikk umathera pa chipata cha kunyanja ndi nsanja yaikulu yobulungira ya Paks Margareeta, ya makoma ochindikala mamita angapo. Mkati muli chombo chamatabwa cha amalonda cha m'zaka za m'ma 1300, chomwe anachifukula mu 2015 pokumba maziko a nyumba. Ndicho chombo cha mtundu womwe unkabweretsa mchere uja. Kunja kwa chipata pali chikumbutso chooneka ngati mzere woduka pakati, cha anthu 852 amene anamira ndi sitima ya Estonia pa 28 Seputembala 1994 ikupita ku Stockholm.

Pobwerera musadzere Pikk. Tsatirani kamsewu ka Laboratooriumi, kamene kamayenda m'tsinde mwa linga ndipo nthawi zambiri kamakhala kopanda anthu, mukafike pa nsanja za Nunna, Sauna ndi Kuldjala, pomwe amalola kukwera n'kuyenda pamwamba pa linga. Kenako dutsani mzinda mupite ku msewu wa Vene mulowe mu Katariina käik, kanjira kotsamira pakhoma la nyumba yakale ya ansembe a Dominican, komwe amisiri amaumba galasi, mbiya ndi kusoka zikopa inu mukuona. Kamatulukira pa Müürivahe, pomwe amayi amagulitsa majuzi, masokosi ndi magolovesi aubweya patsinde pa linga. Pogula zokumbukira, dziwani kuti tizidole tamatabwa tolowetsana, kakang'ono m'kati mwa kakakulu, n'ta ku Russia, ndipo mikanda yambiri ya amber, utomoni wouma wa mitengo yakalekale, imachokera kumayiko ena a m'mbali mwa Baltic. Za eni dziko ndi zoluka zaubweya, nsalu za linen, ziwiya zamtengo wonunkhira wa juniper ndi chokoleti cha Kalev. Chikwangwani cha Eesti Käsitöö chimasonyeza ntchito yamanja ya komweko.

Za makhalidwe ndi tina n'tina

Anthu a kumeneko salonjerana ndi munthu wosamudziwa, ndipo safunsa za kunyumba. Wogulitsa m'sitolo akhoza kukupatsani katundu osamwetulira, ndipo m'basi mumakhala zii. Kwa ife zimaoneka ngati mwano, koma si chidani. Ndi mmene amalemekezera mpata wa mnzawo. Nenani tere polowa ndi aitäh polandira, mutsitse mawu polankhula pafoni, ndipo mukasochera funsani, adzakulozerani bwinobwino.

Ndalama yawo ndi yuro kuyambira 2011, ndipo khadi limalandiridwa pafupifupi paliponse, koma uzani banki yanu musananyamuke kuti lisakatsekedwe. Ngati mukufuna kulowa malo ambiri olipira, werengerani ngati Tallinn Card ya maola 24 kapena 48 ikupulumutseni. Imaphatikiza mabasi ndi matramu. Magalimoto amayenda kumanja, ndiye powoloka yambani kuyang'ana kumanzere. Miyezi yamdima gulani helkur, kachinthu konyezimira kokoleka pajekete, komwe lamulo limafuna kuti woyenda pansi akhale nako kukada. Mowa m'masitolo umagulitsidwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku, ndipo kumwera mumsewu n'koletsedwa. M'malo odzaza anthu monga chipata cha Viru ndi malo oonera mzinda aja, chikwama chikhale kutsogolo. Pangozi iliyonse imbani 112.

Mukatsala ndi maola angapo, tulukani m'linga mupite ku msika wa Balti Jaama Turg, kuseri kwa siteshoni ya sitima, komwe eni mzinda amagula nsomba zowamba, bowa ndi zipatso zakutchire m'nyengo yake, ndipo chakudya n'chotsika mtengo kuposa mkati. Obwerera ku Helsinki onetsetsani pa tikiti kuti sitima yanu inyamukira pati: za Tallink zimanyamukira pa Terminal D, za Viking Line ndi Eckerö Line pa Terminal A, ndipo malo awiriwa ndi otalikirana ndithu kwa munthu wokoka sutikesi. Zipata zimatsekedwa nthawi yonyamuka isanakwane, choncho fikani kutatsala mphindi 45.